Kukonza msinkhu wa kutsogolo kwa galimoto yakale ya sipotsi

Funso ili ndalimva kambirimbiri, ndipo limabwera m'njira zitatu. Wina amati galimoto yagwa mphuno, ikukhula pansi pa kachitunda kalikonse. Wina amati wangoikamo masipuling'i atsopano koma mphuno yaloza kumwamba. Wachitatu amati yapendekeka, mbali imodzi yatsika. Onsewa amamaliza ndi mawu amodzimodzi: ndigule sipuling'i iti? Ndaganiza zolemba yankho lonse kamodzi kuti aliyense wofunsa aziwerenga yekha modekha.

Musagule kanthu kaye. Nthawi zambiri sipuling'i imanamiziridwa. Vuto limakhala kayezedwe kolakwika, kapena kumbuyo kwa galimoto, kapenanso mabawuti amene anamangidwa matayala ali lende m'malere. Tsatirani ndondomekoyi monga ndaiyalira, osalumpha, makamaka gawo 8.

Tigwirizane kaye pa mawu. Ndikati msinkhu ndikunena kutalika kwa thupi la galimoto kuchokera pansi, galimoto itaima pa matayala ake. Mkono ndi chitsulo chooneka ngati chilembo cha A chimene chimalumikiza tayala ku chasisi. Amakaniko amati wishbone kapena control arm, ndipo galimoto zambiri zakale zili ndi wam'mwamba ndi wam'munsi. Bushi ndi labala amene ali pamene mkonowo umazungulira. Stabilizer ndi ndodo yopingasa yolumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere. Torsion bar ndi ndodo yowongoka imene imanyamula galimoto mwa kupotoka, m'malo mwa sipuling'i yopiringizika. Bump stop ndi kalabala koletsa mkono kugunda chitsulo ukakwera mpaka mapeto.

1. Dziwani galimoto yanu ndi msinkhu umene inabadwa nawo

Dzina lokha silikwanira, pamafunikanso chaka ndi dziko limene galimotoyo inapangidwira kukagulitsidwa. MGB inapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, koma chakumapeto kwa 1974 inalandira mabampala akuda a labala ndipo inakwezedwa kuti igwirizane ndi malamulo a ku America. Kutsogolo anasintha chitsulo chopingasa chimene mikono imamangidwapo, ndiye simungatenge miyezo ya MGB ya mabampala a labala n'kumaifananiza ndi ya mabampala onyezimira. Porsche 911 zopita ku America m'zaka za m'ma 1970 nazonso zinkaima pamwamba kuposa zogulitsidwa ku Europe.

Funsaninso zimene eni ake akale anasintha. Bampala yolemera ikachotsedwa, kapena injini ikalandira mutu wa aluminiyamu m'malo mwa wachitsulo, katundu wa kutsogolo amachepa ndipo mphuno imakwera masipuling'i ali bwinobwino. Pezani buku la okonza la galimoto yanuyo. Limanena msinkhu komanso malo enieni oyezerapo, ndipo malowo amasiyana kampani ndi kampani. A Porsche, mwachitsanzo, sayeza pa madigadi. Amayeza kusiyana kwa pakati pa tayala ndi pakati pa torsion bar.

2. Konzani malo, konzani galimoto

Pansi pakhale pa simenti yosalala, ndipo musakhulupirire maso: ikani levulo pa thabwa lalitali lowongoka, kuchokera pomwe paime tayala lina kufika pa linzake. Ngati pali potsika, ikanipo timapepala tachitsulo kapena matailosi mpaka palingane. Mamilimita 5 a simenti yopendekeka akhoza kukugulitsani masipuling'i awiri pachabe.

Popani matayala onse mpweya woyenera, ndipo a mbali ziwirizo akhale a saizi imodzi, otha mofanana. Petulo akhale wochuluka mofanana nthawi iliyonse mukuyeza. Ine ndimakonda theka la thanki, koma buku likanena thanki yodzaza, mverani bukulo. Tsitsani katundu yense wosafunika, tayala lapadera ndi jeke zikhale m'malo mwake. Galimoto zimenezi n'zopepuka, zambiri zimalemera pafupifupi tani imodzi kapena kucheperapo, choncho munthu mmodzi akakhalamo zimapendekeka mooneka. Muziyeza kawiri: ilibe munthu, kenaka muli katundu wolemera ngati inu pampando wa dalaivala.

3. Yezani, ndipo lembani

Masulani handibuleki, chotsani giya, kankhani galimoto mamita atatu kutsogolo ndi kubwerera, muikankhe pansi kangapo pa mphuno ndi kumbuyo, kenaka muisiye ikhazikike yokha. Chiwongolero chiloze kutsogolo.

Pa tayala lililonse tengani miyezo iwiri. Woyamba: kuchokera pakatikati pa tayala kufika pa mlomo wa madigadi. Muyezo umenewu ndi wabwino chifukwa mpweya wa m'tayala suusokoneza. Wachiwiri: kuchokera pansi kufika pa malo olimba a chasisi, monga bawuti imene mkono wam'munsi umazungulirapo. Wachiwiriyu ndiye wonena zoona. Madigadi a galimoto ya zaka 50 anawotcheredwapo, anamatidwapo, ena anasinthidwa itachita ngozi, ndipo ngakhale kufakitale sankalingana ndendende. Chasisi ikakhala yolingana koma madigadi akusiyana, vuto lili pa thupi, masipuling'i asiyeni.

Ikani kachidutswa ka tepi yomata pamalo pamene mwayezapo kuti muzibwerera pomwepo. Yezani ngodya zonse zinayi, katatu, mukuikankha galimoto pakati pa ulendo uliwonse. Kwa ine kusiyana kwa mamilimita 5 pakati pa kumanja ndi kumanzere si chifukwa chogwirira sipanala.

4. Pezani ngodya yolakwa

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Galimoto ili ngati tebulo la miyendo inayi: mwendo umodzi ukafupika, tebulo lonse limagwedera. Sipuling'i yakumbuyo kumanzere ikatopa, kutsogolo kumanzere kumatsika ndipo kutsogolo kumanja kumakwera. Inu mumaona mphuno yopendekeka n'kuyamba kumasula kutsogolo kumene kulibe mlandu. Masipuling'i amasamba akumbuyo, ngati a MGB, kapena imodzi yopingasa ya Triumph Spitfire, amakonda kutopa mbali ya dalaivala chifukwa ndiyo yakhala ikunyamula munthu zaka zonsezi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Masulani kaye mbali imodzi ya stabilizer, chifukwa ndodo yopindika imakoka mbali ina pansi n'kukweza inzake. Ngati mutamasula mabowo ake sakulingananso popanda kukakamiza, mwapeza kale wolakwa mmodzi. Kenaka tsekerani matayala akutsogolo ndi matabwa, ikani jeke pakatikati kumbuyo, pansi pa difu (bokosi la magiya limene lili pakati pa matayala akumbuyo) ngati buku likulola, ndipo kwezani mpaka matayala akumbuyo angosiya pansi. Tsopano galimoto yaima pa miyendo itatu ndipo kumbuyo sikungaipotoze. Yezani kutsogolo. Kukalingana, vuto lili kumbuyo. Kukapitiriza kupendekeka, lili kutsogolo ndithu. Musalowe pansi pa galimoto ili pa jeke yokha.

5. Yang'anani zitsulo musanaweruze sipuling'i

Ikani galimoto pa masitandi, chotsani matayala, tsukani matope. Sipuling'i imakonda kuthyoka kumapeto kwenikweni, m'mbale imene imakhalamo, momwe madzi ndi dothi zimasonkhana, ndipo chidutswa chothyokacho chimabisala m'dzimbiri. Onani ngati nsonga yake yakhala m'kanjira kake. Ikakwera pamwamba pa kanjirako ngodyayo imakwera. Onani labala kapena mbale yokwezera ngati ilipo mbali zonse ziwiri. Onani mbale yonyamula sipuling'i ngati yadyeka kapena kufutukira pansi, mkono ngati wapindika, mabushi ngati aphwanyika.

Yesaninso kuuma kwa mfundo. Galimoto ili pansi, kanikizani mphuno n'kuisiya pang'onopang'ono, muyeze. Kenaka inyamuleni ndi manja n'kuisiyanso pang'onopang'ono, muyeze. Miyezo iwiriyi ikasiyana kupitirira mamilimita 10, pali china chikugwira: kingpin youma (chitsulo choimirira chimene tayala limatembenukirapo pokhota), trunnion yochita dzimbiri (mfundo yolumikiza chitsulo choimiriracho ku mkono), kapena shock (choletsa kudumpha) yopindika. Galimoto yotere ilibe msinkhu umodzi, imaima paliponse pamene yagwidwira, ndipo simungaikonze msinkhu mfundozo zisanafewe. Pa Spitfire kumbukirani kuti buku limati mu trunnion muzithira mafuta a giya a EP90, osati gilizi.

Za shock: wamba sinyamula galimoto, ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha. Kusintha ma shock sikudzutsa mphuno yogwa. Za gasi zokha ndizo zimakankha pang'ono, ndipo pa galimoto yopepuka zimatha kuikweza mamilimita ochepa.

6. Werengani masamu musanaode kanthu

Sipuling'i sikhala pa tayala penipeni, imakhala chapakati pa mkono. Chifukwa cha ichi, kusintha kochepa pa sipuling'i kumakula kukafika ku tayala. Yezani kuchokera pa bawuti yamkati ya mkono wam'munsi kufika pakati pa sipuling'i, kenaka kuchokera pa bawuti yomweyo kufika pa mfundo yakunja. Tinene kuti mwapeza mamilimita 200 ndi 340. Gawani 340 ndi 200, yankho ndi 1.7. Ndiye kuti mbale yokwezera ya mamilimita 10 ikweza galimoto pafupifupi mamilimita 17. Mukafuna kukweza 20, mbale ikhale ya 12, osati ya 20. Pa galimoto ya strut (sipuling'i yozinga shock, zomangidwa pamodzi pafupi ndi tayala penipeni) ngati Datsun 240Z sipuling'i imayenda pafupifupi mofanana ndi tayala, ndiye masamuwa savuta.

Chachiwiri, kutalika kwa sipuling'i ili pa benchi sikunena msinkhu pakokha. Kulimba kwake kumalowereraponso. Tengani masipuling'i awiri otalika mofanana, onse anyamule makilogalamu 480. Imene imatsika milimita imodzi pa makilogalamu 6 ifupika mamilimita 80. Imene imafuna makilogalamu 8 ifupika 60 okha. Kusiyana kwa 20 kumeneko, mukachulukitsa ndi 1.7, ndi mamilimita 34 pa tayala. N'chifukwa chake wogula masipuling'i olimba amadabwa mphuno itakwera. Poda, funsani zonse ziwiri: kutalika ndi kulimba. Ogulitsa zipangizo za galimoto za ku Britain amalemba kulimbaku m'mapaundi pa inchi.

Sinthani masipuling'i awiri pamodzi, osati imodzi. Musawotche sipuling'i ndi moto kuti itsike. Chitsulo chake chimafooka, imapitiriza kugwa, ndipo tsiku lina idzathyoka muli paliwiro. Kudula nakonso sindikulimbikitsa. Sipuling'i yodulidwa imalimba chifukwa mizere yogwira ntchito yachepa, ndipo imene nsonga zake zinaphwathalitsidwa kufakitale sikhalanso bwino m'mbale mukaidula.

7. Sinthani chimene chalakwa

Sipuling'i yopanikizika yasunga mphamvu yotha kuphwanya dzanja kapena nkhope. Ichi ndikunena ndi mtima wonse. Galimoto ikhale pa masitandi olimba. Pyozani tcheni pakati pa sipuling'i n'kumangirira ku mkono kuti ikapulumuka isauluke, ndipo thupi lanu lisakhale kumene ingalowere.

Pa galimoto ngati MGB anthu ambiri amaika jeke yamatayala pansi pa mbale ya sipuling'i, kukweza pang'ono, kumasula mabawuti, n'kutsitsa pang'onopang'ono mpaka sipuling'i itamasuka. Njirayi imadalira kulemera kwa injini. Injini ikakhala kunja, jeke imangonyamula galimoto yonse m'malo mopanikiza sipuling'i; pamenepo gwiritsani ntchito ndodo zazitali zamazinga m'mabowo a mbaleyo, mukumasula manati mosinthanasinthana. Pa Spitfire sipuling'i imatuluka pamodzi ndi shock, ndipo nati yapakati pamwamba siimasulidwa sipuling'i isanagwidwe ndi chopanikizira choyenera. Musalole habu, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, kulendewera pa paipi ya buleki, imangirireni ndi waya. Mabawuti a galimoto zakale za ku Britain ndi a mainchi, ndiye sipanala ya mamilimita imangodya mitu yake.

Masipuling'i akale akatuluka, aimikeni pamodzi pa benchi muyerekeze ndi kutalika kolembedwa m'buku.

Galimoto za torsion bar sizifuna kugula kanthu nthawi zambiri. Pa Porsche 911 zakale pali bawuti yosinthira kumapeto kwa ndodo iliyonse yakutsogolo. Chotsani kulemera pa tayala, zungulitsani pang'ono mofanana mbali zonse, mukulemba kuti mwazungulitsa kangati. Jaguar E-Type, imene inatuluka mu 1961, ilibe bawuti yotere mwa mapangidwe ake oyamba. Ndodo yake ili ndi mano kumapeto onse awiri, ndipo chiwerengero cha mano akutsogolo n'chosiyana ndi cha akumbuyo, kuti muzitha kusintha pang'onopang'ono. Mumachotsa shock, m'malo mwake mumaika chitsulo cha kutalika kumene buku lanena kuti mkono uime pamalo oyenera, kenaka mumazungulitsa ndodo dzino ndi dzino mpaka mabowo alingane. Ndodo yakumanja isapite kumanzere: iliyonse inazolowera kupotokera mbali imodzi. Musaikhome chizindikiro pathupi pake, chifukwa mng'alu umayambira pa kachilonda kotero. Lembani ndi penti.

Pobwezera zonse, mabawuti odutsa m'mabushi a labala angomangidwa ndi dzanja. Musalimbitse.

8. Khazikitsani galimoto, ndipo mulimbitse mabushi itanyamula kulemera kwake

Gawo ili ndi limene limadumphidwa kawirikawiri, ndipo ndilo gwero la madandaulo ambiri oti "ndaika zonse zatsopano koma yakwera kwambiri".

Bushi ya labala yokhala ndi kachubu kachitsulo mkati siizungulira ngati bering'i. Mukalimbitsa nati, kachubuko kamagwidwa zolimba, ndipo mkono ukamayenda ndi labala amene amapotoka. Pamalo pamene mwalimbitsira ndi pamene labalayo amapumira. Mukalimbitsa galimoto ili pa masitandi, matayala ali lende, labala amapumira pansi penipeni. Mukaitsitsa, mkono umakwera, labala amapotoka ndipo amakhala wopotoka usana ndi usiku, akulimbana kuti abwerere. Mabushi onse pamodzi amasanduka sipuling'i yowonjezera yokweza mphuno. Mukafika pa chitunda mabushiwo amapotoka kupitirira malire ake, ndipo posakhalitsa amang'ambika. Kenaka galimoto imagwa mwadzidzidzi, mwini n'kumati masipuling'i atsopano anali abodza.

Palinso chachiwiri. Matayala akamalendewera amakokera mkati. Mukatsitsa jeke amagwira simenti ali mkati momwemo, ndipo sangatsetsereke kupita kunja kuti mkono ukhale pamalo ake. Galimoto imaima chonyang'ama, pamwamba ndi mamilimita ambiri. Kuyeza pamenepa n'kudzinamiza. Ikankheni mamita atatu kutsogolo ndi kumbuyo, muikanikize pansi kangapo. Ngati malo ndi ochepa, ikani timapepala tiwiri tachitsulo topakidwa gilizi pakati pansi pa tayala lililonse lakutsogolo kuti lizitsetsereka, matayala akumbuyo mutawatsekera.

Vuto lenileni ndi lakuti galimoto ya sipotsi ikatsika, dzanja ndi sipanala sizilowanso pansi. Njira zilipo zitatu. Yabwino koposa ndi dzenje la m'galaja kapena chokwezera chimene galimoto imakwerapo ndi matayala ake. Yachiwiri ndi kuika matayala onse anayi pa matabwa olimba, otakata, otalika mofanana. Onse anayi, chifukwa mukakweza kutsogolo kokha kulemera kumathawira kumbuyo. Njerwa ndi mabuloko ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Pamatabwapo galimoto simungaikankhe, ndiye timapepala tagilizi tija tikhale pakati pa tayala ndi thabwa, kumbuyo mutamanga handibuleki ndi kutsekera.

Yachitatu ndi ya amene alibe zonsezi. Galimoto itakhazikika pansi, lembani muyezo wa pakati pa tayala kufika pa madigadi. Ikwezeni pa masitandi, chotsani tayala, ikani jeke pansi pa mkono wam'munsi chakunja kwenikweni, ndipo kwezani habu mpaka muyezo uja ubwerere. Jeke ikakhala mkati kwambiri, galimoto imayamba kunyamuka pa sitandi muyezo usanakwane. Mukaona ikunyamuka, lekani pomwepo, tsitsani, sunthirani jeke kunja kapena ikani katundu pamwamba pa ngodyayo. Musalimbitse bawuti galimoto itasiya sitandi.

Katundu wa dalaivala uja akhale pampando ngati mumayenda nokha nthawi zambiri. Limbitsani mabushi amkati a mkono wam'munsi, a mkono wam'mwamba, maso a shock, ndi stabilizer pomaliza, ndi sipanala yoyeza mphamvu, monga buku lanenera. Manati okhala ndi mipata alandire mapini atsopano. Mabushi a polyurethane, pulasitiki yolimba yolowa m'malo mwa labala, amazungulira pa kachubu kawo, choncho sapotoka motere, koma amafuna gilizi wake wapadera. Akauma amagwira ngati trunnion yadzimbiri.

Ngati munalimbitsa kale m'malere ndipo simunayende nayo nthawi yaitali, masulani manatiwo, khazikitsani galimoto, mulimbitsenso. Kawirikawiri mphuno imatsika inu mukuona, musanagule chilichonse.

9. Yendani, yezaninso, kenaka alignment (kuwongola kumene matayala aloza)

Yendani nayo makilomita angapo pang'onopang'ono, pamsewu wa mabampu pang'ono, mubwerere pa simenti yomwe ija muyeze pa matepi anu. Suzumirani pansi: pa galimoto zambiri zamtunduwu mkono wam'munsi umakhala pafupifupi chogona, molingana ndi pansi. Ukaloza kumwamba kwambiri chakunja, mwatsitsa mopitirira. Onani mpata pakati pa mkono ndi bump stop. Galimoto yokhalira pa bump stop ilibenso sipuling'i, imadumpha pokhota ndipo matayala amasiya msewu. Ndimamvetsa chikhumbo choitsitsa kuti ioneke bwino, koma mamilimita 20 kapena 25 pansi pa msinkhu wa kufakitale ndi pamene ine ndimaimira. Zungulitsani chiwongolero mpaka mapeto mbali zonse muone ngati tayala likukhula madigadi kapena paipi ya buleki ikukokeka.

Msinkhu ukasintha, ndodo za chiwongolero zimasintha kapendekedwe, ndipo matayala amaloza mkati kapena kunja mosiyana ndi kale. Choncho alignment ichitike pomaliza, msinkhu utakhazikika, apo ayi mudzalipira kawiri ndipo matayala adzadyeka m'mphepete. Uzani woyeza kuti akatsitsa galimoto pa jeke aikankhe kaye asanawerenge makina ake. Magetsi akutsogolo nawonso alozeninso pa khoma, chifukwa mphuno yokwera imathobwa anzanu m'maso ndipo yotsika imafupikitsa kuwala. Masipuling'i atsopano amatsika pang'ono m'masabata oyamba, ndiye mukayenda makilomita 300 kapena 500 yezaninso ngodya zonse zinayi, petulo ali theka ngati poyamba, mulembe manambalawo ndi tsiku lake m'buku la galimotoyo.